Musachoke ku Mulanje musanakudziwe

Dzulo ndinaona chithunzi cha azing'ono athu a chaka chomaliza pa kakoleji ka unamwino komwe ndinaphunzira ku Mulanje. Aima pamasitepe a holo, wina wanyamula chipepala cholembedwa kuti kwatsala miyezi inayi. M'munsi mwake anthu akulangizana zoti achite asanatsanzikane: kusoketsa malaya ofanana, kuchita phwando, kukayenda kunyanja. Zonsezo chitani, palibe choipa. Koma inenso ndili ndi mawu anga, ndipo ndiwanena ngati mkulu wanu amene anagonapo m'zipinda zomwezo.

Ambirife timafika ku Mulanje kuchokera kutali. Ine kwathu ndi ku Kasungu. Zaka ziwiri zoyamba njira zimene ndinkadziwa zinali za m'kalasi, kuwodi, kutchalitchi ndi pokwerera minibasi pa Chitakale. Phiri ndinkaliona m'mawa uliwonse poyanika yunifomu, tiyi ndinkamuona pawindo la galimoto, basi. Ndikanamaliza sukulu choncho bwenzi nditatenga dipuloma ya ku Mulanje koma Mulanje weniweniyo osamudziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti bwenzi lero ndili namwino wouma mtima.

Chinandisintha ndi ichi. Chaka chachitatu, mwezi wa February, kunabwera mayi wina ali ndi bala pamwendo, litatukusira kale. Ndikulitsuka ndinawafunsa mokalipa kuti, "Amayi, masiku onsewa mumadikira chiyani?" Anangoti, "Pepani anamwino," n'kuyang'ana pansi. Mnzanga wa m'kalasi, mwana wa konkuno ku Mulanje, anamva zonse. Sanandidzudzule pamaso pa wodwala. Titaweruka anangondiuza kuti, "Asisi, Lachisanu tikagone kwathu."

Mayi a mnzangayo ali ndi kamunda ka tiyi kuseri kwa nyumba, ndipo azakhali ake amagwira ntchito pa esiteti ina. Loweruka anatidzutsa kusanache. Anandimanga pulasitiki m'chiuno, anandiveka dengu kumsana, n'kundionetsa kathyoledwe kake: masamba awiri anthete ndi kansonga, okhwimawo ayi. Mvula inali ikuwaza. Pofika 9 koloko msana unali utauma, zala zitachita dzanzi, miyendo itanyowa mpaka m'ntchafu, koma m'dengu mwanga masamba anali asanafike n'pakati pomwe pamene amayi aja anali atakhuthula kale kawiri. Kenaka tinasenza kupita pa sikelo kukadikira galimoto, chifukwa tiyi wothyoledwa sagonera, ayenera kulowa m'fakitale tsiku lomwelo. Nyengo ya dzinja tiyi amaphukira mofulumira, ukangochedwa masiku ochepa masamba akhwima, ndalama yapita. Kwa waganyu wa pa esiteti, tsiku limene wapita kuchipatala ndi tsiku limene dengu lake silinakwere pa sikelo. Pamenepo ndinamva yankho la funso langa lija popanda wondiuza. Mayi wa bala uja sankadikira chifukwa cha umbuli. Ankasankha pakati pa mwendo wake ndi ufa wa ana ake.

Ndiye chinthu choyamba chimene ndikupempha aliyense wa inu ndi chimenecho: pezani mnzanu wa konkuno, mukagone kwawo, mukagwire ntchito imene makolo ake amagwira ngakhale tsiku limodzi lokha. Musapite ngati mlendo wokajambula zithunzi m'minda yobiriwira. Mukadzuke nawo, mukanyowe nawo. Kaya mukuphunzira unamwino, uphunzitsi kapena zaulimi, anthu amene mudzawatumikire ndi amenewo, ndipo mwana amene amagona m'kalasi kapena wodwala amene wadumphitsa tsiku lolandira mankhwala mudzamuyang'ana ndi diso lina.

Madzulo ake anganga a pakhomopo anandifotokozera zimene sitinaphunzire m'kalasi. Makolo awo anachokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, monga anachitira Alhomwe ambiri amene anadzaza Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu. Atafika anapeza malo abwino ali kale m'manja mwa azungu. Tiyi wa malonda anayambira konkuno ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown anamubzala, ndipo kenaka anafalikira ku Thyolo. Wofuna pokhala ankalipira ndi thukuta lake, ndiyo thangata ija yomwe John Chilembwe anaikana mpaka kuukira mu 1915. Mukamaona nyumba zothithikana m'mphepete mwa minda ikuluikulu, anthu akulima chimanga ndi nandolo pamalo otsetsereka oti ngakhale mbuzi iganize kawiri, dziwani kuti nkhaniyi inayamba kale. Ine zinandipweteka kuti ndinakhala zaka ziwiri pakati pa mbiri yotere ndikungoloweza mayina a mafupa.

Ndipo mukapita, idyani chimene akupatsani. Kalongonda ndinkangomumva m'nthabwala za anthu a kwathu, zoti ukadya umapenga. Ndinamuona akuphikidwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, madzi akutayidwa n'kuthira ena kangapo, chifukwa akapanda kupsa bwino amazunguzadi mutu. Chakudya chofuna nkhuni ndi kudekha kotero munthu sakupatsa mwachisawawa. Idyaninso makaka ophikira pamodzi ndi nandolo, ndi nanazi wothyola pomwepo, amene kutsekemera kwake simudzakupeza m'misika ya ku Lilongwe. Pemphani anganga akuphunzitseni moni wa Chilhomwe. Achinyamata ambiri chilankhulochi sachiyankhulanso, koma nkhalamba ikamva namwino wa ku Kasungu akuyesera, nkhope imamasuka, ndipo imakuuza ngakhale za mankhwala achikuda amene inamwa isanabwere kuchipatala.

Mwezi wa October pitani kwa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Ndikudziwa ena anena kuti kumachuluka ndale, ndipo sindikutsutsa kuti andale amakhalako. Inu pitani mukaone tchopa. Gule ameneyu UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuika m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse mu 2014, koma kumuonera pa foni n'kosiyana ndi kuima pafupi, ng'oma zikugunda pachifuwa pako, madoda atasenza zikopa ndi zithumwa kumsana, fumbi lili koboo.

Tsopano za phiri, pakuti apa ndiye pamandiwawa kwambiri. Alendo amalipira ndege kuchokera ku Ulaya kudzakwera phiri limene ife timaliyang'ana ulele kwa zaka zitatu osaliponda. M'kalasi mwathu tinalimo oposa makumi atatu, koma amene tinafika pamwamba sitinakwane khumi. Ena ankaopa mizimu, ena ankati alibe nsapato, ena ankati tidzapita tikamaliza mayeso. Mayeso atatha aliyense anakwera basi ya kwawo.

Sindikunena kuti nonse mukafike pa Sapitwa. Nsongayo ndi yotalika mamita 3,002, palibenso ina yoiposa m'Malawi muno, ndipo si ya masewera. Dzina lokhalo likukuuzani. Nkhungu imatha kutsika mwadzidzidzi moti mnzako ali apo osamuona, ndipo anthu asowako. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha, anakamupeza patapita masiku atamwalira. Safunsa anadya phula. Wofuna Sapitwa apite ndi woperekeza wodziwa njira, akagone pa kanyumba ka Chisepo, alawire m'mamawa, ndipo woperekezayo akati tibwerere, bwererani.

Koma kwa ambirinu, kunyamuka pa Likhubula n'kukagona usiku umodzi m'kanyumba ka m'phiri ku Chambe kapena ku Lichenya n'kokwanira. Ife tinapita ku Chambe mwezi wa June, asanu ndi awiri. Tinasonkha ndalama ya woperekeza, tinanyamula ufa, usipa, tomato, shuga ndi mabulangete a kuhositelo. Chitunda chake chimakuphunzitsa kuti mnzako weniweni ndani. Mtsikana wina amene sitinkayankhulana bwino chiyambire chaka choyamba ndi amene anandilandira chikwama mpweya utandithera, ndipo mpaka lero ndi amene ndimamuimbira zinthu zikandivuta kuntchito. Titafika pamwamba ndinadabwa kupeza kuti kuli dziko lina lathyathyathya, la udzu ndi timitsinje, lozizira ngati si Malawi. Usiku tinaotha moto m'kanyumba, kunja chiperoni chikuwomba, mphepo ija imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Wotiperekeza, bambo wa ana anayi amene anayamba kunyamula katundu wa alendo ali mnyamata, anatisimbira za mizimu ya m'phirimo, kuti ukapeza chakudya chokonzakonza m'njira umadya wekha osaitana mnzako. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, mverani mwaulemu, pakuti ulemu umenewu ndi womwe unasunga phirili zaka zambirimbiri. Mu 2025 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo chifukwa chachikulu chinali chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira, zomwe ena a ife ophunzira timaziseka.

M'mawa mwake bamboyo anationetsa zitsa za mkungudza. Mtengo umenewu ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma m'phiri la Mulanje lokha. Ikuluikulu inatha ndi macheka ndi moto, yotsala ndi yowerengeka. Anatola kachibenthu n'kutinunkhiza, fungo lake likadali m'mphuno mwangamu. Anationetsanso timitengo tating'ono tobzalidwa kumene, tina titapsa ndi moto wa osaka nyama. Kuyambira tsiku limenelo sindinagulenso kabokosi ka mkungudza pamsewu, ngakhale ndimamvetsa kuti wogulitsayo akusaka ya ndiwo. Madzi amene mumasamba kuhositelo, a mu Ruo, mu Thuchila, mu Lichenya, ngakhale ena amene amamwedwa ku Blantyre kuchokera mu Likhubula, gwero lake ndi pamwamba pamenepo. Munthu amene waona ndi maso ake phiri likumetedwa, nkhani ya Namondwe Freddy wa mu March 2023, pamene miyala ndi matope zinatsika n'kukwirira midzi kuno ndi ku Phalombe, saimva ngati nkhani ya pa wailesi chabe.

Potsika mudzere pa Dziwe la Nkhalamba. Ndi pokongola zedi, koma madzi ake ndi ozizira kwambiri ndiponso akuya, ndipo anthu amirapo. Ngati simudziwa kusambira, viikani mapazi basi. Ndikunena izi chifukwa ndikufuna nonse mudzavale gawuni.

Zina ndi zapafupi, sizifuna kukonzekera. Kwerani minibasi mukafike ku Limbuli tsiku la msika, mupitirire mpaka pa Muloza mukaone pamene Malawi athera, mumve Chichewa, Chilhomwe ndi Chipwitikizi zikusakanikirana pa malonda a chimanga ndi zitenje. Tsiku lina lowerani ku Thyolo, mukaone Makwasa ndi mishoni ya Malamulo yomwe a Adventist anayamba mu 1902, mufunse alimi za matenda a chisaka amene anapululutsa nthochi zomwe kale zinkadzaza malole opita ku Limbe.

Wina anena kuti ndalama zilibe. Ndikudziwa, inenso ndinkadikira ya sopo kuchokera kwa achimwene anga mwezi ndi mwezi. Koma kukagona kwa mnzanu kumangofuna paketi ya shuga yopatsa amayi. Phiri mukasonkherana anthu asanu ndi awiri silifika pa ndalama imene mukukonza kuonongera malaya ofanana aja. Vuto lalikulu si ndalama, ndi mawu oti tidzapita. Mukangolemba mayeso a Nurses Council, bungwe loyang'anira anamwino, mudzabalalika, wina ku Chitipa, wina ku Nsanje, wina pakhomo kudikira ntchito, ndipo kudzasonkhananso anthu omwewo pa Likhubula n'kovuta kuposa mmene mukuganizira. Ife tayesa katatu, sizinatheke.

Chotsiriza chili m'kati mwa mpanda momwemo. Ubwino wa koleji yaing'ono ndi woti aliyense amakudziwa dzina. Amayi a kukhitchini amene ankakusungira nsima ukachedwa kuwodi, abambo a pageti amene ankakuunikira ndi tochi pochokera ku ntchito ya usiku, aphunzitsi amene anakuitanira pambali utalephera mayeso m'malo mokuchititsa manyazi, asisitala a kuwodi amene anagwira dzanja lako tsiku loyamba kubaya jakisoni. Pitani kwa aliyense payekha musanapakire zikwama, mukhale pansi, munene zikomo ndi pakamwa panu. Ine bambo wa pageti sindinawatsanzike, ndinkathamangira galimoto, ndimati ndidzawaona pa tsiku la gawuni. Nditabwerako anandiuza kuti anamwalira miyezi iwiri m'mbuyomo.

Chaka chino ndatenga tchuthi mwezi wa July, nthawi ya mpikisano wa Porters Race, pamene anyamata ndi atsikana a m'midzi ya m'tsinde amathamanga kukwera ndi kutsika phiri lomwe ife tinalikwawa tsiku lathunthu. Ndidzafikira kwa amayi aja a kamunda ka tiyi, omwe mpaka lero amanditchula mwana wawo wa ku Kasungu. Mpikisano ukadzatha ndikufuna kukagonanso ku Chambe. A chaka chomaliza amene mukufuna kudzatsagana nane, lembani m'munsimu kuti tidziwe kuchuluka kwa ufa, ndipo muyambiretu kubwereka majuzi.