Mitengo ya nyumba ku London yatsika, koma yatsikira ndani?

Malume anga a ku Ntcheu anandiimbira foni sabata yatha atamva kuti mitengo ya nyumba ku London ikutsika, ndipo anafuna kudziwa chifukwa chimene ndikupitirizira kulemeretsa landilodi m'malo mogula yangayanga. Sanafunse molakwa, chifukwa n'zoona kuti mafulati ambiri muno akugulitsidwa motsika kusiyana ndi zaka zingapo zapitazo, ndipo ine ndemwe ndimaona pa mawindo a ogulitsa nyumba ku Woolwich, dera la muno mu London, zithunzi zomwezomwezo zitakhala miyezi mpaka kufwifwa, manambala a mtengo okha ndiwo akusinthidwa.

Chimene ndinalephera kuwafotokozera bwino pafoni n'chakuti munthu wamba kuno amagula nyumba ndi ngongole ya kubanki ya zaka 25 kapena 30, choncho chimene chimamumanga manja ndi chiwongola dzanja. Mu Disembala 2021 Bank of England, banki yaikulu ya dziko lino, inayamba kuchikweza kuchoka pa 0.1 peresenti, ndipo pofika Ogasiti 2023 chinali pa 5.25 peresenti. Chakhala chikutsikako kuyambira mu 2024, koma kumene chinachokera sichinabwerere. Tiwerengere limodzi. Wokongola mapaundi 400,000 kwa zaka 25 pa 2 peresenti amabweza pafupifupi 1,700 pamwezi, pamene ngongole yomweyo pa 5 peresenti imafuna kupitirira 2,300. Ngakhale mtengo utatsika mpaka ngongoleyo n'kukhala 380,000, munthuyo azibwezabe kupitirira 2,200 mwezi ndi mwezi. Ndiye kwa namwino kapena wosamalira okalamba, kutsika kumeneku kwathera pa chikwangwani.

Pali nkhani ya dipoziti imene ndiyo imandiwawa kwambiri. Nyumba wamba mu mzinda uno imapitirira mapaundi 500,000, kutanthauza kuti dipoziti ikakhala ya 10 peresenti uyenera kukhala ndi 50,000 m'manja banki isanakumvere, ndipo ndalama zimenezi uyenera kuzisunga uku ukulipira lendi imene kwa ambiri yadutsa 2,000 pamwezi, uku ukutumizanso fizi ndi za feteleza kumudzi. Pamwamba pake, kuyambira mu Epulo 2025 ogula koyamba nyumba yosapitirira 500,000 amalipira msonkho wogulira nyumba pa ndalama zonse zopitirira 300,000, pamene kale malire anali 425,000.

Ndionjezerenso kuti mafulati ena atsika chifukwa ali ndi chilema. Chichitikireni moto wa Grenfell Tower, nyumba yosanja ya muno mu London, mu 2017, umene unapha anthu 72, nyumba zosanja zokutidwa ndi zipangizo zogwira moto msanga zakhala zovuta kugulitsa, ndipo mabanki akhala akuzengereza kuzikongozera. Zinanso zimabwera ndi ndalama zosamalira nyumba zimene zimakwera chaka ndi chaka mwini fulati asanafunsidwe.

Maganizo anga ndi akuti amene akupindula ndi kutsikaku ndi okhala kale ndi ndalama, ogula mwakashi kapena othandizidwa ndi makolo, ndipo zikhala choncho mpaka makhonsolo atayambiranso kumanga nyumba zambiri za lendi yotsika, zimene zinachepa kuchokera pamene boma la Margaret Thatcher linalola mu 1980 kuti okhalamo azizigula.

Malume anamvetsera zonsezi mwachifatse, kenaka anati njerwa zija tinawotcha chaka chatha zikuyamba kumera ndere, ndipo ndiwauze tsiku limene nditumize ndalama za simenti.