Ku Nyanga Si ku Ceres: Kadulidwe ka Maapozi Katsate Mvula ya Kumaloko

Chimene chandiwawa m'nyengo yodulira ino ndi munda wina wa maapozi kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, kumene kapitawo analamula antchito kuti asiye nthambi zambiri zotchinga pamwamba ndi m'mbali mwa mitengo, ndipo chifukwa chimene anapereka chinali chimodzi chokha, chakuti ku Ceres, dera lolima maapozi la ku South Africa, amatero. Aliyense amene anagwirako ntchito m'minda ya kutsidya lino ndi kutsidya lina la mtsinje wa Limpopo akudziwa mmene mawu amenewa amatsekera anthu pakamwa. Munthu akangotchula Ceres, Elgin kapena Villiersdorp, madera a m'chigawo cha Western Cape, odulira achikulire amene akhala ndi mitengoyo kwa zaka zambiri amangoti ziii, ngati kuti chilichonse chochokera ku Western Cape sichifunsidwa.

Alimi a ku Western Cape ali ndi chifukwa chomveka chosiyira masamba otchinga. Kumeneko mvula imagwa m'miyezi yozizira, ndipo zipatso zimakula m'nyengo youma, ya dzuwa loswa mtengo. Mdani wawo wamkulu ndi kupsa kwa zipatso ndi dzuwa, makamaka mitundu ya Granny Smith ndi Golden Delicious, ndipo apozi lopsa khungu silingapite kumisika ya kunja, limangothera kumisika ya m'dziko momwemo kapena kofinya madzi a zipatso. N'chifukwa chake wodulira wa kumeneko amasamala mbali ya mtengo imene imalandira dzuwa la masana ndi madzulo, ndipo minda yambiri tsopano yaphimbidwa ndi maukonde ochepetsa kutentha.

Ku Nyanga ndi ku Juliasdale, kumapiri a ku Zimbabwe aja, zinthu n'zosemphana ndi zimenezi. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, nthawi yomwe ija imene zipatso zili pamtengo, ndipo nkhungu imatha kukuta mapiri m'mawa wonse. Mtengo wothithikana masamba suuma msanga, chinyezi chimakhazikika m'kati mwake, ndipo matenda a scab, amene amasiya zipsera zakuda pamasamba ndi pazipatso, amafala mosavuta. Mankhwala opopera nawo safika m'kati mwa mtengo wotero, amangothera pamasamba a kunja. Kuwonjezera apo, mitambo ya dzinja imachepetsa kale kuwala, choncho mitundu yofiira monga Royal Gala imafuna mpata uliwonse woti dzuwa lilowe kuti zipatso zipake bwino mtundu wake. Kusiya mthunzi wochuluka pamtengo wa ku Nyanga ndi kuveka munthu chikhotho cha mvula tsiku la dzuwa n'kumuvula mvula ikayamba. Odulira achikulire amene ndinagwira nawo ntchito kumapiriko ankanena kuti mphepo iyenera kudutsa mumtengo, ndipo pankhani imeneyi ine ndili kumbali yawo popanda kukayika.

Ngakhale nthawi yodulira imakomera Zimbabwe, koma anthu ambiri saona mwayi umenewu. Maiko onse awiri amadulira mitengo ikayoyola masamba, cha m'ma Juni mpaka Ogasiti. Ku Western Cape miyezi imeneyi ndi ya mvula, choncho odulira amayenera kudikira kuti kunja kuume, chifukwa bala la mtengo likanyowa limalandira tizilombo towoletsa thunthu. Ku Nyanga miyezi yomweyo imakhala youma kwambiri, ndipo mabala amauma okha msanga.

Komabe chilungamo chinenedwe, pali zimene a ku South Africa amatiposa nazo kutali. Wodulira wophunzitsidwa bwino wa kumeneko sathyolathyola nsonga za nthambi zonse. Amayang'ana mtengo wonse, n'kusankha nthambi ziwiri kapena zitatu zimene zanenepa mopikisana ndi thunthu, n'kuzichotsa zathunthu, kusiya kachitsa kopendekeka kamene padzaphuke nthambi yatsopano yofatsa. Amadziwa kuti apozi limabereka kwambiri pa tinthambi tatifupi timene timamera pa nthambi za zaka ziwiri kapena kupitirira apo, ndipo amatiteteza. M'minda ina ya ku Zimbabwe ndaona zosiyana ndi zimenezi: nsonga iliyonse yadulidwa, ndipo mtengo wayankha potulutsa mphukira zazitali zoongoka zimene sizibereka, zongodzaza mthunzi. Chaka chotsatira amadulanso mphukirazo, mtengo n'kutulutsanso zina, ndipo ntchito imangochuluka zipatso zikuchepa. Kulipira antchito powerengera mitengo imene adulira kumawonjezera vutoli, chifukwa munthu wothamangira chiwerengero alibe nthawi yoima n'kuuwerenga mtengo.

Amatiposanso pa kaumbidwe ka mitengo ikadali yaing'ono. Kwa zaka zambiri alimi a kumeneko ankamezanitsa pa tsinde la M793, limene limakuza mtengo kwambiri, koma minda yatsopano ikusamukira ku matsinde ochepetsa msinkhu monga M9 ndi ena otchedwa Geneva, ndipo mitengo imadzalidwa pafupipafupi, yomangiriridwa kumawaya, ya thunthu limodzi loongoka. Kumbuyo kwa zonsezi kuli kafukufuku wa yunivesite ya Stellenbosch ndi bungwe la alimi a zipatso la Hortgro. Ku Zimbabwe, kusintha kwa umwini wa minda kumene kunayamba m'chaka cha 2000 kunasiya minda ina ya zipatso yopanda chisamaliro kwa nthawi yaitali, ndipo mtengo wa apozi ukakhala zaka zingapo osadulidwa umatalika mpaka makwerero osafika, zipatso n'kumangopezeka kunsonga.

Vuto la kuchepa kwa kuzizira ndiye n'la onse. Chisanu chikapanda kukwana, mtengo umadzuka mochedwa ndiponso mosalingana, nthambi zina zili ndi maluwa, zina zikadali zouma gwa. Alimi amapopera mafuta ndi mankhwala a hydrogen cyanamide kuti audzutse, ndipo amaweramitsa nthambi kuti zigone chopingasa, chifukwa nthambi yogona imaphukira m'litali mwake monse pamene yoongoka imangophukira kunsonga. Luso loweramitsa nthambi ndi limene ndikanakonda kuti makapitawo athu atengere ndi mtima wonse, chifukwa limagwira ntchito kulikonse, kaya mvula imagwa mwezi uti.

Ngati eni minda a ku Nyanga akufunadi mphunzitsi wa ku South Africa, atumize anthu awo kum'mawa kwa Free State, kudera la Bethlehem, kumene maapozi amalimidwa pamalo okwera, mvula imagwa zipatso zili pamtengo, ndipo maukonde amaikidwa makamaka poteteza ku matalala. Alimi a kumeneko amalimbana ndi chinyezi m'miyezi yomwe ija imene timalimbana nacho ife, ndipo malangizo awo pa kuchuluka kwa nthambi zoyenera kusiya ndiwo angagwirizane ndi mapiri a Zimbabwe.