Zida za hockey tizigula kwa kampani imodzi kapena ku shopu yosakaniza? Maganizo anga

Abale a hockey kuno ku Zomba, makamaka inu makolo amene ana anu angoyamba kumene masewerawa, ndati ndiyankhulepo pa nkhani imene ikumabwerabwera pa gulu lathu la WhatsApp yoti zida tizigula kuti. Ena akuti tizipita kwa eni ake opanga, kaya ndi Grays kaya Osaka kaya Gryphon, tigule zonse konko kuyambira sitiki mpaka chikwama, ena akuti ayi tizigula m'mashopu amene amasakaniza katundu wa makampani osiyanasiyana. Ine ndili mbali ya shopu yosakaniza ndipo ndifotokoza chifukwa chake bwinobwino, poti ndalama zake si zamasewera ndipo ambirife timachita kudzimana zinthu pakhomo kuti mwana akhale ndi sitiki yakeyake.

Tiyambe tavomerezana za kumene tili. Mukazungulira tauni yathuyi, kumsika waukulu, ku Chinamwali, ku Matawale, ku Mpondabwino, mupeza majezi a mpira wamiyendo, nsapato zake, mipira ya netibo, koma sitiki ya hockey yatsopano ili pa shelefu ndi chinthu chosowa kwambiri. Ndiye kugula kwathu kumakhala kotuma basi, wina akupita ku Joni mumamupatsira, m'bale ali ku UK mumamupempha, kapena mumaitanitsa pa intaneti, kapenanso mumakwera minibasi mpaka ku Blantyre kukafunsa anyamata ndi atsikana a m'makalabu ngati alipo akugulitsa yake. Choncho funso loti kampani imodzi kapena shopu yosakaniza kwa ife limatanthauza kuti munthu tamutumayo timulozere khomo liti, kapena pa foni titsegule tsamba liti. Ndipo pa intanetipo chenjerani, mukangolemba hockey yokha zikubwererani za Bauer ndi CCM, zimenezo ndi za hockey ya pa ayezi imene amasewera ku Canada ndi ku America, yathuyi muzilemba field hockey.

Chifukwa changa chachikulu ndi chakuti palibe kampani imene imapanga chilichonse bwino kuposa anzake onse. OBO ya ku New Zealand inatchuka ndi zida za goloboyi, ndiyo ntchito yake imeneyo. Kookaburra ya ku Australia imadziwika ndi mpira uja wa timaenjemaenje umene wakhala ukuseweredwa ku Olympics kwa zaka zambiri. Pa nsapato osewera ambiri akuluakulu mukawaona avala Adidas kapena Asics olo sitiki ali nayo m'manja ndi ya kampani ina. Ndiye ngati anthu amene hockey ndi ntchito yawo amasakaniza, ife tikudzimangiriranji pa dzina limodzi? Phazi la mwana wanu silidziwa dzina la kampani, ngati ndi lotambalala ndipo nsapato za kampaniyo ndi zopyapyala kutsogolo mwanayo azingotuluka matuza, ndipo mu shopu ya kampani imodzi wogulitsa alibe china chokupatsani kupatula kukuuzani kuti tengani sayizi yokulirapo, zomwenso zimachititsa phazi kumaseweraseweramo mwana akamatembenuka mothamanga.

Tsono tibwere pa sitiki penipeni, poti ndi pamene ndalama zambiri zimathera. Anthu ambiri sadziwa kuti masitiki ochuluka a mayina akuluakuluwa amapangidwira ku Pakistan, makamaka mumzinda wa Sialkot, olo kampaniyo likulu lake lili ku England, ku Belgium kapena ku Netherlands. Sindikunena kuti onse ndi ofanana ayi, kampani iliyonse ili ndi kapangidwe kake, koma ndikunena kuti dzina lolembedwa pamwambapo si limene limamenya mpira. Malamulo a FIH, bungwe loyendetsa hockey padziko lonse, ndi amodzi kwa onse, sitiki isapose magalamu 737 kulemera, isatalike kuposa masentimita 105, kupindika kwake kusapitirire mamilimita 25, ndipo izitha kudutsa mu mphete ya mamilimita 51. Mkati mwa malire amenewa ndi mmene muli kusiyana kumene inu muyenera kuyang'ana, kutalika kwake, kulemera kwake, carbon alimo wochuluka bwanji poyerekeza ndi fibreglass (izi ndi zipangizo zopangira sitiki, carbon ndiye amailimbitsa kwambiri), komanso kupindikako kuli pakati kapena kumunsi pafupi ndi mutu. Mu shopu yosakaniza mumatha kunena kuti ndikufuna ya mainchesi 36.5, carbon wochepa, yopindikira pakati, ndiye akuyalirani ya Grays, ya TK, ya Princess, ya Kookaburra, inu n'kumayerekeza mitengo ya zinthu zofanana. Ndi mmene timachitira tikamagula tomato kumsika wa Zomba, sitigula pa benchi yoyamba tisanaone milu ya ena. Mu shopu ya kampani imodzi kuyerekeza kumene kulipo ndi kwa sitiki yawo yotchipa ndi sitiki yawo yodula, ndipo mwachibadwa maso amathamangira yodulayo poti aiyika poonekera ndi chithunzi cha katswiri ataigwira.

Apa ndi pamene mtima umandipweteka kwambiri. Masitiki odula aja a carbon 90 kapena 100 peresenti anawapangira anthu osewera pa kapeti, galaundi ya kapinga wochita kupanga yothiridwa madzi, amene amadziwa kale kuimitsa mpira ndi manja ofewa. Ndi olimba zedi, mpira ukafika umadumpha ngati sunauimitse bwino, ndipo ukamenya molakwika kunjenjemera kwake kumafika mpaka m'zigongono, mwezi wa June kukuzizira kuja kochokera kuphiri mwana amachita kuiponya pansi. Ife timasewera pati? Pa magalaundi a sukulu, kapinga apa fumbi apo, mwezi wa October nthaka yauma gwa ndi timiyala tili mbwee, mvula ikagwa ndi matope. Sitiki ya carbon wambiri pamalo otere mutu wake umaperepeseka msanga ndipo ikagunda mwala imatha kung'aluka, ndalama zonse zija zapita. Kapeti ngati ya ku National Hockey Stadium ku Blantyre, kumene kunachitikira mpikisano wa makalabu a mu Africa mu November 2023, ana athu amaipondapo mwa apo ndi apo pakakhala mpikisano. Mwana woyamba kumene akufunika sitiki ya mtengo kapena ya fibreglass, mwina carbon wa 10 kapena 20 peresenti, yofewa, yomulola kuphunzira kuimitsa ndi kukankha mpira. Zoti low bow, sitiki yopindikira kumunsi ija, zoti drag flick, kukoka mpira ndi sitiki n'kuuponya mwamphamvu kugolo, zimenezo zidzabwera akadzakula m'masewerawa. Ndipo masitiki a oyamba kumene amenewa nawonso mitengo yake imasiyana pakati pa makampani, ndiye mukakhala pamalo pomwe onse alipo mumapulumutsa ndalama yooneka.

Za ndalamazo tisanamizane. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira chinthu kunja ndi khadi ya ku banki akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Pamwamba pa mtengo wa katunduyo pali thiransipoti, palinso msonkho wa MRA ukafika. Ngati sitiki mwagula kwa kampani iyi, nsapato kwa ina, mashinipadi kwa inanso, aliyense payekha, ndiye kuti mapaselo atatu, kulipira katatu. Shopu yosakaniza imakuikirani zonse mu bokosi limodzi. Olo munthu amene mwamutuma ku Joni uja, ali ndi zake zimene wapitira, simungamuyendetse tauni yonse, akalowa malo amodzi monga Sportsmans Warehouse kapena shopu ya hockey yeniyeni yokhala ndi makampani angapo amatenga zonse kamodzi n'kumapita. Chinanso, makampaniwa chaka ndi chaka amatulutsa mitundu yatsopano, kawirikawiri chimene chasintha kwambiri ndi penti, ndiye mashopu osakaniza amatsitsa mtengo wa za chaka chatha kuti shelefu ipeze malo. Sitiki ya chaka chatha imamenya mpira chimodzimodzi, muzifunsa zimenezo poyamba.

Ndisaname, kugula kwa eni ake kuli ndi ubwino wake ndipo pena ine ndemwe ndingakuuzeni kuti pitani konko. Poyamba mumadziwa kuti katunduyo ndi orijino, pomwe pa masamba ena a pa intaneti ndi kwa anthu ogulitsa pa Facebook mutha kulandira feki yopentedwa bwino. Kachiwiri zida za goloboyi, makamaka zotchinga miyendo ndi zomenyera mpira za kumapazi zija, zimapangidwa kuti zizilumikizana, ndiye ndi bwino zikhale za kampani imodzi osati kuphatikiza. Kachitatu ngati timu yonse ikufuna yunifolomu yofanana kapena masitiki ambiri nthawi imodzi, kulembera kampani mwachindunji kutha kukupezetsani mtengo wabwino, ndipo munthu wamtali kwambiri wofuna sitiki ya mainchesi 38.5 amaipeza msanga kwa eni ake. Koma zoti kwa eni ake kuli waranti, taganizani kaye, sitiki yathyoka muli ku Sadzi, muitumiza bwanji kubwerera kunja ndipo ndalama yotumizirayo simungagulire ina? Kwa ife waranti yeniyeni ndi kusankha bwino poyamba pomwe. Komanso si shopu yosakaniza iliyonse imene ili ndi wogulitsa wodziwa hockey, ena amagulitsa zamasewera onse ndipo sangakuuzeni kusiyana kwa sitiki ya panja ndi ya indoor, yosewerera m'holo, imene ndi yopyapyala ndipo siloledwa kumenyera mpira mwamphamvu. Ndiye musapite kapena kutuma munthu musanalembe papepala chimene mukufuna.

Makolo anzanga, chonde, ndalama isathere pa sitiki yokha. Mpira wa hockey ndi pulasitiki yolimba yolemera magalamu pakati pa 156 ndi 163, ukadzuka n'kumupeza mwana pakamwa mano amapita, ndipo dzino la munthu wamkulu silimeranso. Ndimamva chisoni ndikaona mwana wanyamula sitiki yokongola ndi chikwama cha dzina lomwelo koma mkamwa mulibe gum shield, choteteza mano chija, kumiyendo wavala timashinipadi ta mpira wamiyendo tating'ono tija tosafika pa kakolo. Mashinipadi a hockey ndi aatali, olimba, amaphimba mpaka mfundo za kakolo chifukwa mpira ndi sitiki zimayenda pansi pomwepo. Gulovu ya kudzanja lamanzere imateteza zala pamene mwana wagoneka sitiki pansi, ndipo oteteza pa short corner, chilango chimene adani amamenya mpira pafupi ndi golo, amafunika masiki ya kumaso, imeneyo timu itha kugula zingapo n'kumabwerekana. Mukalowa mu shopu ya dzina limodzi mtima umafuna kuti zonse zifanane mtundu, chikwama, sitiki, botolo la madzi, mapeto ake zoteteza thupi n'kutsalira. Ine ndimati yambani gum shield, kenako mashinipadi, kenako nsapato zogwira pansi, sitiki ibwere ndi ndalama yotsalayo, chikwama olo chitakhala cha kusukulu chomwecho palibe vuto. Nsapato, masokosi ataliatali ngakhale mashinipadi nthawi zina amapezeka pa kaunjika mukamafufuza modekha, koma gum shield yokha ikhale yatsopano, imeneyo imaumbidwa ndi madzi otentha kuti ikwane mano a munthu mmodzi ndipo sibwerekanidwa.

Pa kutalika, muimikeni mwana atavala nsapato, sitiki ifike pa fupa la m'chiuno. Musagule yaitali poganiza kuti akulira momwemo, azolowera kuimirira njo m'malo mowerama ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchichotsa. Akuluakulu ambiri amagwiritsa ya mainchesi 36.5 kapena 37.5. Ndipo mwana wamanzere musamufunire sitiki yamanzere, mu hockey yathuyi kulibe, onse amagwira yofanana, wina akakuuzani kuti ali nayo dziwani kuti sakudziwa chimene akugulitsa.

Popeza shopu yoti tikagwiregwire masitiki tilibe pafupi, pempho langa ndi lakuti pa tireningi ya Loweruka aliyense amene ali ndi sitiki abwere nayo, ya kampani iliyonse, yakale kapena yatsopano, tiyale pansi ana ayese imodziimodzi, aimitse mpira, akankhe, amenye, amve imene ikuwakhala m'manja. Makochi athandize kulemba kutalika ndi mtundu woyenera mwana aliyense, kenako makolo amene ali okonzeka tisonkhe pamodzi tiitanitse bokosi limodzi ku shopu yosakaniza, thiransipoti ndi msonkho tigawane. Amene muli ndi masitiki a ana amene anakula ali pansi pa bedi, bweretsaninso, alipo ana ku Chikanda ndi ku Chinamwali amene akudikirira kuti mnzawo atuluke m'galaundi kuti abwereke yake.