Jakisoni wa pamsana: ku Britain amathira diamorphine, ku France ayi

Pakati pa England ndi France pali kanyanja kakang'ono basi koma mukalowa mu fiyeta nthawi ya opaleshoni ya mayi wobereka, zomwe amasakaniza mu jakisoni wa pamsana uja ndi zosiyana. Mankhwala aakulu ndi amodzi, bupivacaine wolemera uja amene amachititsa dzanzi kuyambira m'munsi mwa chifuwa mpaka kumapazi. Vuto lake ndi loti pakatha maola awiri kapena atatu dzanzi limatha, bala liyamba kuluma, ndiye amathiramo kena kake kothandizira kuthetsa ululu.

A ku Britain amakonda diamorphine. Eee, heroin yemweyo amene apolisi amamangira anthu, kungoti uyu ndi wa kuchipatala, ndipo anapangidwa koyamba ku London komweko mu 1874 pa St Mary's Hospital. Bungwe lawo la NICE, lopereka malangizo a zachipatala, limati osapitirira 300 microgram. Ubwino wake ndi woti amalowa msanga m'mitsempha kuposa morphine, komanso samatha msanga ngati fentanyl (mankhwala ena amphamvu othetsa ululu a gulu la morphine), ndiye mankhwala amodzi akugwira ntchito ziwiri, mu fiyeta komanso ku wodi.

Ku France, monganso maiko ambiri, heroin sabaya pamsana. Iwo amaphatikiza awiri: sufentanil (m'bale wake wa fentanyl) pang'ono, 2.5 mpaka 5 microgram, kuti mayi asamve kukokedwa m'mimba pomwe adotolo akugwira chiberekero, kenako morphine 100 microgram woti agwire usiku wonse. Morphine ndi waulesi poyamba koma akagwira amatha kufika maola 24. Nkhani yake ili apa: samalowa msanga m'mafuta, amatsalira m'madzi a mumsana n'kumakwera pang'onopang'ono kupita kumutu, ndiye patapita maola 6 mpaka 12 munthu akhoza kuyamba kupuma mochedwa ali mtulo, aliyense akuganiza kuti wangotopa ndi opaleshoni. Pa mlingo wa 100 izi sizichitika kawirikawiri koma manesi amayenerabe kumadutsa kuwerenga mpweya. Kuyabwa ndiye kuli mbali zonse ziwiri, mumaona mayi mwana ali pachifuwa koma iye akungodzikanda mphuno ndi nkhope, ena nseru mpaka kusanza.

Nanga yabwino ndi iti? Njira ya ku Britain imaoneka yosalala koma ili ndi mavuto ake. Diamorphine amabwera ngati ufa mu kabotolo, nthawi zambiri ka 5 mg (ndiye kuti 5,000 microgram), ndiye wogonetsa odwala amayenera kusungunula n'kutapapo kachigawo kakang'ono kwambiri, ukalakwitsa masamu pamenepo wapereka kakhumi. Chinanso mafakitale opanga ndi ochepa poti maiko ogula ndi ochepa, moti anasowapo kumapeto kwa 2004 ndipo anadzasowanso kuyambira 2018, mpaka NICE inachita kulemba kuti akasowa bayani morphine wopanda mankhwala omuteteza kuti asawonongeke mpaka 100 microgram kuphatikiza fentanyl mpaka 15. Mukaonetsetsa, imeneyo ndi njira ya ku France yomweyo, angosintha sufentanil ndi fentanyl.

Ine ndimapendekera kwa a France chifukwa morphine amapezeka m'maiko ambiri, sudalira fakitale imodzi. Koma ngati wodi ili ndi nesi mmodzi yekha usiku ndi odwala odzaza, bola kuthira fentanyl yekha mu bupivacaine uja, ululu wa pambuyo n'kuuthana ndi paracetamol, diclofenac ndi morphine wakumwa.