Zithunzizo sizinkafotokoza mawu a m'bukumo

A mtolankhani, mwalemba kuti zithunzi za m'mabuku a masamba a mgwalangwa zinkathandiza owerenga kumvetsa mawu. Pamenepo sindikugwirizana nanu. Tengani Ashtasahasrika Prajnaparamita, buku lachibuda lomwe ankalikopera pamanja kwambiri ku Bengal ndi ku Bihar, kum'mawa kwa India wakale, m'nthawi ya mafumu a Pala. Mawu ake ndi chiphunzitso chozama cha nzeru, koma zojambulazo zimaonetsa moyo wa Buddha, kapena Tara ndi Avalokiteshvara, omwe Abuda amawapembedza, ndipo nthawi zambiri sizikhudzana ndi mizere yomwe zayandikana nayo. Wolipira mlembi ndi wojambula ankafuna madalitso. Bukulo palokha linkapembedzedwa, n'chifukwa chake matabwa ena ophimbira ali ndi mathothomathotho a zonunkhira zomwe opembedza ankapakapo.

Anzanga owerenga, musaiwale kuchepa kwa malo ojambulapo: tsambalo m'lifupi ndi masentimita 5 kapena 6 basi, koma nkhope, zala ndi mikanda zonse zimaoneka bwinobwino. Luso limeneli limandigometsa kwambiri.

A mtolankhani, simunanenenso kuti mabuku ambiri otere anapulumukira ku Nepal ndi ku Tibet, komwe chinyontho n'chochepa. Ena anapita ndi amonke othawa pamene nyumba zazikulu za amonke achibuda za Nalanda ndi Vikramashila, ku Bihar, zinkawonongedwa cha m'ma 1200. Buku lina lotere, lolembedwa ku Nepal mu 1015, likusungidwa ku yunivesite ya Cambridge ku England.