Mwendo ukatupa umodzi, lekani kuthowa

Mwezi watha tinaika m'manda muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, mwamuna wamphamvu zake amene anali kugula nshawa ndi soya m'midzi ya ku Katete n'kukagulitsa ku Lusaka. Pamaliro ndinamva anthu akunong'onezana kuti pali amene wam'chita chipongwe, ati malonda ake anayamba kuwawa ena m'maso. Ndinakhala duu, poti pasiwa sipokanganirana. Koma lero ndilankhula, ndipo amene akwiye akwiye.

Mnyamata uja anabwera pa basi kuchokera ku Lusaka, miyendo itapanikizika ndi katundu ulendo wonse. Patapita masiku awiri katumba wa mwendo wakumanzere anatupa, akutentha, akupweteka akaponda pansi. Mwendo winawo unali bwinobwino. Apabanja anatereka madzi n'kuyamba kuthowa ndi kusisita mwamphamvu. Ena anabwera ndi lezala kudzatema mphini. Tsiku lachinayi m'mawa anadzuka kuti atuluke panja, mpweya unam'thera pakhomo pomwepo. Achipatala anatiuza kuti magazi anaundana mumtsempha wa m'kati mwa mwendo, kachibulumwa kake kanathothoka, kanayenda mpaka kukatseka mitsempha ya m'mapapo.

Inu ana anga, mwamva? Mwendo umodzi ukatupa, n'kumatentha, n'kumapweteka popanda pamene mwagwa kapena kudzigunda, musaukhudze ndi manja osisita. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Tili ndi Chipata Central, tili ndi St Francis ku Katete, tili ndi Mwami kufupi ndi malire. Ndipo munthu akayamba kubanika mwadzidzidzi, pachifuwa pakulasa akamakoka mpweya, kapena akutsokomola magazi, imeneyo si nkhani yodikira kuti kuche. Funani galimoto usiku womwewo.

Msewu wa Great East kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita opitirira 500, ndipo munthu amakhala pampando pafupifupi tsiku lathunthu. Ndimakuonani m'mabasimo. Mumakana kumwa madzi kuopa kuti mungafune kukataya madzi panjira. Basi ikaima pa Luangwa Bridge simutsika, mumangotulutsa dzanja pawindo kugula nsomba, maso ali pa foni. Magazi a m'miyendo amakwera kubwerera kumtima minofu ikamagwira ntchito. Mukangokhala ngati thumba la chimanga amadekha, ndipo magazi odekha ndiwo amaundana. Tsikani muyendeko. Muli pampando, yendetsani mapazi, kwezani zidendene n'kutsitsa. Izi ndikunena makamaka kwa amayi apakati, amayi amene angochira kumene, omwe achitidwa opaleshoni posachedwa, anthu onenepa kwambiri, osuta fodya, ndi akumwa mapiritsi ena olerera.

Tsopano ndibwere kwa inu amene mwandikwiyitsa koposa, inu amene Mulungu anakuchitirani chifundo matenda anapezeka msanga, adokotala n'kukupatsani warfarin. Mankhwala amenewa amachedwetsa magazi kuundana. Wa vuto la mwendo amamwa miyezi yosachepera 3, ndipo amene anamuika valavu yachitsulo mumtima amamwa moyo wake wonse. Koma inu mwendo ukangophwa mumati ndachira, mapiritsi kuponya pawindo. Anakuuzani ndani? Kuphwa kwa mwendo si kutha kwa matenda. Wokuuzani kuti muleke ndi amene anakuyambitsani.

Warfarin si Panado woti n'kumangomwa mwachisawawa. Akachepa m'thupi magazi amaundananso, akachuluka munthu amataya magazi, mwina m'mimba, mwina m'mutu. N'chifukwa chake amakuitanani kukayezetsa magazi, kuyeza kuja amati INR, kumene kwa ambiri kumafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3. Tsiku la kuyezetsa likafika mumati ndilibe ya thiransipoti, koma Loweruka tikukuonani pa kachasu. Mowa ndi warfarin sizigwirizana. Msana ukawawa mumathamangira pa kantemba kukagula Brufen, diclofenac kapena aspirin, osadziwa kuti amenewa akakumana ndi warfarin akhoza kukukhetsani magazi m'mimba. Safunsa anadya phula. Mankhwala alionse atsopano, ngakhale achikuda a m'botolo amene amagulitsa pamsika aja, yambani mwafunsa kuchipatala. Za mphini ndiye iwalanitu: munthu wa warfarin akatemedwa, magazi sasiya msanga. Mukaona nkhama zikutuluka magazi osaleka, kamfuno wosatha, mkodzo wofiira kapena chimbudzi chakuda bii, nyamukani. Mukaiwala kumwa tsiku lina, musamwe awiri mawa lake kuti mubweze. Ndipo iwe mwana wamkazi amene uli pa warfarin, ukaganiza zotenga pakati kapena ukadziona kuti waima, kauze achipatala mwamsanga, chifukwa mankhwalawa amavulaza mwana m'mimba ndipo alipo ena a jakisoni amene angakusinthire.

Pali bodza lina lafala loti wa warfarin asadye ndiwo zamasamba. Zoona zake n'zakuti chibwabwa, repu, bonongwe ndi kholowa zili ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya mankhwalawa. Koma sakuti musiye. Idyani monga mumadyera masiku onse, mlingo womwewo, osati sabata ino osalawa n'komwe, sabata yamawa mphika wonse chifukwa dzinja lafika.

A BP nanunso musabisale kumbuyo kwa anzanu. Mumati mutu sukundiwawa ndiye BP yatsika. BP simveka m'thupi, imadya mtima ndi impso mwakachetechete. Makina akamaonetsa 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, mankhwala ndi a tsiku lililonse. Mchere wa tsiku lonse, malinga ndi a World Health Organization, usafike magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi basi. Nanga inu? M'ndiwo muli kale mchere, m'therere muli soda, kapenta ndi wamchere, mukuwazanso wina pambale musanalawe. Tsiku lina pakamwa pakapotoka, dzanja n'kulefuka, mawu n'kumatuluka ngati woledzera, mudzayamba kufunafuna mfiti m'mudzi. Imeneyo ndi sitiroko, ndipo ola lililonse lotayidwa pakhomo limapha mbali ina ya ubongo.

Muphwa wanga wasiya mkazi ndi ana anayi, wamng'ono sanayambe n'sukulu yomwe. Mlongo wanga, mayi wake, ndi wa BP, ndipo pamaliro pomwepo ndinatulukira kuti anasiya mapiritsi chikolole chimanga. Lolemba m'mamawa ndikukamutenga ndekha kupita naye kukiliniki, afune asafune.