Mfuti m'galimoto yoimika: tsidya la Detroit ndi tsidya la Windsor

Pakati pa mzinda wa Detroit ku America ndi wa Windsor ku Canada pali mtsinje umodzi wokha, ndipo kuwoloka pa mlatho wa Ambassador sikutenga nthawi ngati palibe mzere. Komatu nkhani ya kamfuti kam'manja kosiyidwa m'galimoto ikangofika, America ndi Canada amatalikirana kwambiri.

Ku America anthu ambiri ali ndi ufulu woyenda ndi mfuti yobisa m'chiuno. Mu June 2022 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Bruen, linagamula kuti kuyenda ndi mfuti kunja kwa nyumba ndi ufulu wa nzika, ndipo pofika 2024 zigawo 29 zinali zitalola kale kuinyamula popanda chiphaso. Vuto limabadwira pomwepo. Munthu wachoka kunyumba ndi mfuti yake, koma ku positi ofesi, kukhoti, kusukulu ya mwana ndi kumalo ambiri antchito salola kulowa nayo. Ndiye aisiya kuti? Aiponya pansi pa mpando kapena m'kabokosi kakutsogolo kosungiramo mapepala, atseka chitseko, ulendo. Mbava zimadziwa zimenezi. Zimayenda usiku poimika magalimoto kuyesa zitseko, kapena kungoswa galasi, makamaka pa galimoto yomatidwa zizindikiro za makampani a mfuti. Bungwe la Everytown, lolimbana ndi ziwawa za mfuti ku America, linapeza kuti mwa mfuti zonse zomwe zinabedwa mu 2022 m'mizinda imene linafufuza, zoposa theka zinatengedwa m'magalimoto.

Chondiwawa ine n'choti mfuti yobedwayo siithera m'manja mwa wakubayo. Pa 1 July 2015 mayi wina wazaka 32 anawomberedwa n'kufa akuyenda ndi bambo ake pa Pier 14, kamlatho koyendapo anthu kolowa m'nyanja ku San Francisco, m'chigawo cha California. Mfutiyo inali itabedwa masiku anayi m'mbuyomo m'galimoto ya wantchito wa boma. Pambuyo pa imfa imeneyi California inakhwimitsa lamulo: aliyense, wapolisi yemwe, akasiya mfuti m'galimoto ayenera kuikiyira m'buti kapena m'bokosi lokhoma losaonekera, apo ayi chindapusa chimafika madola 1,000. New York nayo kuyambira September 2022 imati uchotse zipolopolo, uikhomere m'kasefa, ndipo kabokosi kakutsogolo kaja sikawerengedwa ngati sefa. Koma zigawo zina zambiri zimangosiyira mwini mfuti kuti aone yekha chochita.

Ukawolokera ku Canada, lamulo ndi limodzi dziko lonse, lochokera mu lamulo la mfuti lotchedwa Firearms Act la 1995. Munthu wamba sayenda ndi mfuti m'chiuno. Chilolezo choterocho chimaperekedwa mwa apo ndi apo, monga kwa alonda a magalimoto onyamula ndalama. Amene ali ndi mfuti yam'manja amafunika chilolezo choyendera nayo, ndipo ulendo wake ndi wodziwika, mwachitsanzo kuchoka kunyumba kupita kumalo ophunzirira kuwombera. Panjira imakhala yopanda zipolopolo, yokhomedwa ndi loko kuti isawombe, ili m'bokosi lokhoma losaonetsa zam'kati. Akatsika m'galimoto, bokosilo lilowe m'buti n'kukiya. Ngati galimoto ilibe buti, libisike ndipo zitseko zonse zikiyidwe. Kuyambira pa 21 October 2022 anaimitsanso kugula, kugulitsa ndi kupatsana mfuti zam'manja pakati pa anthu wamba.

Ine ndili kumbali ya Canada pa nkhani imeneyi, ndipo sindibisa. Sikuti a ku Canada ndi osamala mwachibadwa kuposa anzawo, ayi. Lamulo lawo linachotsa chifukwa chimene chimachititsa kuti mfuti izigona m'galimoto tsiku ndi tsiku. Komabe Canada sinapulumuke kwathunthu, pakuti mfuti zambiri zam'manja zimene apolisi a ku Ontario, chigawo chimene kuli Windsor, amagwira pa milandu, akazilondola bwino, zimapezeka kuti zinachokera ku America. Moto wa kwa mnansi umafika ndithu padenga lako.

Kwa achibale athu okhala ku America amene anasankha kukhala ndi mfuti, pempho langa ndi ili. Gulani kabokosi kachitsulo kokhoma, kaja kokhala ndi chingwe chawaya, mukamangirire ku chitsulo cha pansi pa mpando. Muziikamo mfuti musanafike poimika galimoto, anthu asakuoneni mukuichotsa m'chiuno. Usiku isagone panja. Lowani nayo m'nyumba muikhomere komwe ana sangafike. Lembani nambala yake penapake kuti ikabedwa mukauze apolisi tsiku lomwelo.

Ndipo ngati mukupita ku Windsor kapena ku Toronto kukaona abale, funani mwachifatse m'galimoto monse musanakwere mlatho. Chiphaso cha ku Michigan kapena ku Texas sichigwira ntchito pachipata cha Canada, ndipo woiwala kuulula mfuti amalandidwa mfutiyo, nthawi zina galimoto yomwe, kenako n'kukaonekera kukhoti.